Kujambula filimu ku Mchinji nthawi ya mliri

Mwafunsa kuti gulu lanu la zisudzo lingajambule bwanji filimu pa Mchinji boma popanda kupatsirana matenda ngati Covid-19. Yambani ndi kuchepetsa anthu. Amene alibe gawo tsiku limenelo akhale kunyumba, ndipo amfumu akuthandizeni kubweza mwaulemu odzaonerera.

M'mawa uliwonse munthu mmodzi aime polowera, aziyeza kutentha kwa thupi ndi kulemba mayina ndi manambala a foni. Wotsokomola, wotentha thupi kapena amene wasiya kumva fungo asalowe; akayezetse kuchipatala. Chonde mumulipirebe tsikulo, apo ayi mawa adzabisa chifuwa chake.

Kenako ikani ndowa yampopi ndi sopo, kusamba m'manja kukhale kwa masekondi 20. Onse avale masiki. Osewera okha avule kamera ikayamba, n'kuvalanso ikangozima.

Povuta kwenikweni ndi pa zipangizo. Maikolofoni yomata pakolala imakhala pafupi ndi pakamwa, choncho ipukutidwe ndi sanitaiza isanapite kwa wina. Chimodzimodzi mahedifoni. Zodzola kumaso aliyense abwere ndi zake. Zochitika za m'nyumba muzisamutsire pakhonde ngati nkhani ikulola. Zikakanika, tsegulani mawindo, jambulani mwachangu, mutuluke. Gawo la maliro kapena ukwati silifuna mudzi wonse: jambulani anthu ochepa chapafupi, phokoso la khamu mudzaliwonjezera pa kompyuta.

Pa nkhomaliro aliyense mbale yake, madzi osamba m'manja athiridwe ndi jagi, osati beseni limodzi. Wosewera wochokera ku Chipata, m'dziko la Zambia, afunsiretu zimene zikufunika pamalire asananyamuke.