Momwe chipatala chingayendetsere tsamba lake la Facebook kuti lithandize odwala

Mwezi wathawu azakhali anga adalawirira m'mamawa kuchokera ku Bangwe, n'kukwera maminibasi awiri kupita kuchipatala china mumzinda muno kukatenga mankhwala a shuga. Atafika adauzidwa kuti tsiku la kiliniki lidasintha. Chipatalacho chili nalo tsamba pa Facebook, koma chomwe adaikapo komaliza chinali chithunzi cha akuluakulu akulandira mphatso ya matiresi. Azakhali adabwerera chimanjamanja, ndalama ya thiransipoti itapita pachabe. Inu oyang'anira zipatala mu Blantyre muno, zoterezi zingapeweke.

Yambani ndi kusankha munthu mmodzi woti tsambalo likhale ntchito yake yeniyeni. Mumupatse foni ya chipatala ndi bandulo ya mwezi wonse, ndipo pakhale namwino kapena dokotala woona uthenga uliwonse wokhudza matenda usanatuluke. Pasiwedi aidziwe anthu awiri, kuopa kuti wina akasiya ntchito angapite nalo tsambalo.

Kenako pitani pageti mukafunse mlonda zomwe anthu amamufunsa tsiku ndi tsiku. Mayankho ake ndiwo oyenera kukhala patsamba: masiku a sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, tsiku lolandira ma ARV, kiliniki ya shuga ndi BP, nthawi yoonera odwala, zomwe wodikirira wodwala abweretse. Ngati n'chipatala cholipira, ikani mitengo poyera. Lembani m'Chichewa komanso mwachidule. Vidiyo yaitali imadya bandulo, ndipo mayi wa ku Ndirande sangaitsegule. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp umafika kutali kuposa chikalata chachingerezi chokhala ndi chidindo.

Chachitatu ndicho chachikulu: mphekesera muziyankhe tsiku lomwelo. Tidaona m'chaka cha 2017 momwe nkhani ya anamapopa idayendera kuchokera ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika kuno, anthu n'kuphedwa, ogwira ntchito zaumoyo n'kumayenda mwamantha. Katemera wa COVID-19 atafika mu 2021, mafoni adadzaza ndi bodza loti amatseka mphamvu yobereka. Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, ena ankabisa odwala m'nyumba chifukwa cha zomwe adamva za misasa yothandizirako matendawa, pomwe kolera imapha msanga munthu akachedwa kulandira madzi m'thupi. Chipatala chikakhala chete, anthu amakhulupirira aliyense amene wayamba kulankhula. Choncho nenani zomwe zachitikadi, nenani zomwe mukuchita, ndipo tchulani nthawi yomwe mudzaperekenso uthenga wina. Musanyoze amene akhulupirira bodzalo, chifukwa ambiri ndi mantha chabe. Uthengawo muutumizenso kwa mafumu, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuti aufalitse m'magulu awo.

Pa nthawi ya ngozi tsamba lodalirika limafunika koposa. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, anthu a ku Chilobwe ankathamangira kuchipatala cha Gulupu kukafunafuna abale awo. Pa tsiku lotero munthu amafuna kudziwa khomo loti alowere, nambala yoti aimbe ndi komwe angakapereke magazi. Konzeranitu mauthenga otere nyengo ya mvula isanafike.

Chinsinsi cha wodwala musachigulitse chifukwa chofuna kutchuka. Nkhope yake, dzina lake, buku lake la kuchipatala, zonsezi zisaoneke popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ngati ndi mwana chilolezocho chichokere kwa kholo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu la Data Protection Act la 2024. Auzeninso ogwira ntchito ndi ophunzira kuti muwodi si mojambulira TikTok. Munthu wagona pabedi kumbuyo kwa chithunzicho ali ndi achibale omwe mwina sanawauze kuti akudwala.

Madandaulo musawafufute. Wina akalemba kuti adalalatiridwa kapena adapemphedwa ndalama, muyankheni mwaulemu pomwepo, mumupemphe kuti afotokoze zambiri mwachinsinsi, kenako nkhaniyo ipite kwa ombudsman wa chipatala, yemwe ndi wolandira madandaulo a odwala, kapena kwa mkulu wa anamwino. Zofufuta ndi zotukwana komanso za ogulitsa mankhwala achinyengo. Amene akufotokoza zizindikiro za matenda musamulembere mankhwala patsamba. Muuzeni abwere adzapimidwe, kapena aimbe ku Chipatala cha pa Foni.

Lolemba lililonse m'mawa, woyendetsa tsamba azungulire madipatimenti kufunsa chomwe chasintha sabata imeneyo. Alembenso dzina la chipatala pa Facebook kuti aone ngati wina watsegula tsamba lonamizira lopempha ndalama kwa anthu ofuna ntchito, ndipo akalipeza achenjeze anthu ndi kulinena kwa eni Facebook.