Pa debugger, 10 akhoza kukhala 16

Inu amene mumafufuza zolakwika m'ma microcontroller (tiziubongo tating'ono ta kompyuta toyendetsa zipangizo), musanalembe nambala pamzere wa malamulo wa debugger (pulogalamu yofufuzira zolakwikazo) yambani mwadziwa mmene chida chanucho chimawerengera manambala, chifukwa zida sizifanana.

Mu debugger yotchedwa GDB, mukalemba `p 10` (`p` ndi lamulo loonetsa yankho) yankho ndi 10. Koma lembani `p 010` muone: ikupatsani 8, popeza nambala yoyamba ndi ziro imatengedwa ngati ya octal (kuwerenga m'magulu a 8), monga zilili m'chinenero cha C. Apa pamagwa anthu okopera manambala patebulo lomwe munthu wina anaikamo maziro kutsogolo kuti mizere ioneke bwino. TRACE32, debugger ya kampani ya Lauterbach, ndiye ili ndi khalidwe lakelake. Nambala yopanda chizindikiro imaiwerenga ngati hexadecimal (kuwerenga m'magulu a 16), choncho 10 ndi 16, ndipo ofuna khumi weniweni amalemba `10.` ndi kadontho kumapeto.

Langizo langa ndi lakuti adiresi iliyonse muziyamba ndi 0x, chizindikiro cha hexadecimal, ngakhale chida chisakukakamizeni. Pa ma microcontroller a STM32, RAM imayambira pa 0x20000000, ndipo `x/4xw 0x20000000` imaonetsa manambala anayi a ma byte anayianayi oyambira pamenepo. Mukaiwala 0x, GDB ipita pa adiresi 20 miliyoni ya decimal, kwina kotheratu.

Ena amakonda `set input-radix 16`, lamulo louza GDB kuti manambala opanda chizindikiro aziwawerenga ngati hexadecimal, kuti asamavutike ndi 0x. Ine sindilimbikitsa. Mukafuna kubwerera n'kulemba `set input-radix 10`, palibe chisinthe, pakuti 10 ameneyo wawerengedwa kale ngati 16. Chobwezera ndi `set input-radix 0xa`. Tangoganizani mnzanu wakhala pakompyutapo inu mutachoka, asakudziwa kuti munasintha!

Samalaninso ndi masamu. `1 << 2 + 1` ndi 8, osati 5, chifukwa kuphatikiza kumayamba kuchitika `<<` (kusuntha ma bit kumanzere) isanachitike, choncho ikani mabulaketi. Ndipo ngati `ptr` ikuloza ku uint32_t (nambala ya ma byte anayi), `ptr + 4` imasuntha ma byte 16, osati anayi.

Pofika polemba mu register (malo a memory olamulira mbali za chipangizo) m'pofunika kudekha, chifukwa kumeneko kuli mawaya enieni, mwina mota kapena chotenthetsera. Pa STM32F4, register yotulutsa ya GPIOA (doko A la mapini) ili pa 0x40020014. Yambani mwaiwerenga ndi `x/xw`, masamu anu muwayese ndi `p/x`, kenaka lembani `set *(unsigned int *)0x40020014 |= (1 << 5)`. Mukagwiritsa ntchito `=` yekha, pini 5 iyakadi, koma mapini ena onse apadoko limenelo muwazimitsa.