Musanagule batire yatsopano, yezani alternator

Eni magalimoto akale, ngati m'mawa uliwonse mukumaitana anyamata kuti akukankheni, musathamangire ku Limbe kukagula batire. Kawirikawiri wolakwa ndi alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira.

Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze batire. Injini ili chozima, batire yabwino imawerenga pafupifupi 12.6 volts. Lizani injini, muyatsenso magetsi akutsogolo: iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikatsalira pa 12 kapena kumatsika, alternator sikutchaja.

Komabe musagule ina msanga. Yambani ndi fani belt, lamba wozungulitsa alternator, chifukwa ikakhwefuka imaterereka n'kumalira tswii. Kenako tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati kagetsi ka batire pa dashibodi kakuyaka. Pa magalimoto ambiri akale, kababu kameneka kakapsa alternator siyamba kutchaja, poti moto woyambira umadutsa pomwepo. Ena amawononga ndalama zambiri chifukwa cha kababu basi!

Zonsezi zikakhala bwino, kawirikawiri ndi ma brush, timakala ta m'kati mwa alternator, omwe atha. Amagetsi a galimoto ku Ndirande amasintha okhawo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi alternator yathunthu.

Zochotsa waya wa batire injini ikulira, ati poyesa, zisiyeni. Mungaotche regulator ndi ma diode, tizipangizo towongolera magetsi a alternator.