Momwe mungamangire kakompyuta kakang'ono ka magemu kozizira ndi madzi kuno ku Chipata

Amene mwakhalako mu Chipata mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti masana ngakhale kukhala chabe m'nyumba ya malata kumavuta, nanji kompyuta imene ikuthamangitsa gemu yolemera maola atatu osapumira. Yanga yoyamba inali chikesi chachikulu chija chokhala pansi pa tebulo, mafani akulira ngati chigayo, fumbi lonse la mu Ogasiti likuthera mkati mwake. Pomwe ndinaganiza zomanga ina ndinafuna kanthu kakang'ono koti nditha kukaponya m'chikwama nkupita nako kwa anzanga ku Kapata tikamamenya mpira wa pa sikirini, koma kosapsa. Ndiye apa ndikuuzani mwatsatanetsatane mmene zimayendera, maka kwa inu amene simunagwirepo sikuludiraiva mkati mwa kompyuta.

Tiyambe ndi kumvana pa nkhani ya madziyi chifukwa ambiri amaimva molakwika. Madzi sapha kutentha ayi, amangokunyamula kuchoka pa CPU, kachipu kaja kali ngati ubongo wa kompyuta, nkukakutula pa redieta, mafani nkukuuluzira panja, chimodzimodzi mmene redieta ya galimoto imachitira. Ndiye ngati chipinda chanu chili ng'anjo, madziwo sangazizire kuposa mphepo ya m'chipindamo. Ubwino wake mu kesi yaing'ono ndi woti simufunika chitsulo chachitali chija chokhala pamwamba pa CPU, chimene sichingakwanemo, kutenthako mumakutengera ku mbali kumene kuli mpata.

Pali njira ziwiri. Ina ndi yogula pampu payokha, mapaipi, thanki, mafitingi, nkulumikiza nokha nkuthira madzi. Inayo ndi AIO, imene imabwera yotsekedwa kale ku fakitale, pampu, mapaipi awiri ndi redieta zili pamodzi, madzi ali mkati, inu kwanu nkumanga masikuluu basi. Ine ndikunena mosabisa, ngati ndi koyamba tengani AIO. Fitingi imodzi ikadontha kuno simudzaipeza pa Saturday Market, mudzadikira masabata kuti ifike, kompyuta ili gone. Ngati mwaumirirabe njira yoyambayo, musayerekeze kuthira madzi a pampopi kapena a pa mjigo, amasiya zoyera zija mumaziona mu ketulo ndipo zimatseka tinjira ta mkati, pamafunika madzi osungunulidwa a distilled ndi mankhwala ake. Komanso musasakanize zida za kopa ndi za aluminiyamu mu njira imodzi ya madzi, zimadyana.

Manje kugula. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse chifukwa kakompyuta kakang'ono kamalakwika pa kugula, osati pa kumanga. Yambani ndi kesi, zina zonse zitsatire kesiyo. Bodi yake, motherboard imene zida zonse zimalumikizidwapo, ndi ya Mini-ITX, masentimita 17 mbali zonse, ili ndi malo awiri okha a RAM, memori yogwirira ntchito, ndi polowera pamodzi pa graphics card, kadi imene imajambula zithunzi za gemu. Power supply, kabokosi kogawa magetsi ku zida zonse, ya makesi ambiri otere ndi ya SFX, yaing'ono kuposa ya ATX imene mumaiona mu makompyuta a mu ofesi, ndipo imadula kuposa inzake, vomerezani chabe. Kwa woyamba ine ndimakonda Cooler Master NR200P, ndi ya malita pafupifupi 18, imatseguka mbali zonse ndiye zala zimalowa bwino, ndipo redieta ya 240mm imakhala pambali popanda nkhondo. Ilipo ina yaing'ono kwambiri, Lian Li A4-H2O ya malita 11, yokongola zedi, nayo imatenga redieta ya 240mm pamwamba, koma mmenemo milimita iliyonse ili ndi mwini wake.

Tengani pepala, lowani pa webusaiti ya amene anapanga kesiyo, lembani manambala atatu: kutalika kwa kadi imene ingakwane, kunenepa kwake, ndi kukula kwa redieta pamodzi ndi mafani ake. Fani wamba ndi wonenepa 25mm, muwonjezere pa kunenepa kwa redieta. Kenako pitani pa webusaiti ya kadi imene mukufuna, osati dzina la chipu chokha, chifukwa RTX 4060 ya kampani ina imakhala ya mafani awiri yaifupi pomwe ya kampani ina ndi ya mafani atatu yaitali. Ine ndinagulapo kadi kwa wogulitsa wina wa ku Lusaka pongoona chithunzi pa foni, inakwera basi mtunda wonse wa Great East Road, kufika kuno chivundikiro cha kesi chikukana kutseka chifukwa cha kunenepa. Zinandipweteka mtima, ndalama ya miyezi ingapo, ndipo kuibweza kunatenga nthawi. Chonde yezani musanatumize ndalama.

Pa CPU musathamangire zazikulu. Ryzen 5 7600 ndi ya 65W, imakhala pa soketi, pokhalira CPU pa bodi, ya AM5 ndipo imafuna RAM ya DDR5. Ngati thumba lachepa, Ryzen 5 5600 pa AM4 ndi DDR4 ikadali kugwira ntchito bwino maningi pa magemu ambiri. Wogula CPU ya Intel ayang'ane kuti AIO yake ili ndi mabulaketi a soketi yake, monga LGA1700, chifukwa zina zakale zimabwera zilibe. RAM tengani timitengo tiwiri, 16GB yonse pamodzi ndi poyambira, ndipo tikhale tatifupi topanda zipewa zazitali zija, zimagundana ndi mapaipi. Sitoreji, mosungira mafayilo ndi magemu, ikhale ya M.2 NVMe, imagona pa bodi pomwepo, palibe kebulo, ndipo mu kesi yaing'ono kebulo iliyonse imene mwaipewa ndi mphepo imene mwaipatsa njira. RTX 4060 imadya pafupifupi 115W chabe, ndiye power supply ya 650W ikukwanirani ndi kutsala. Koma ikhale ya kampani yodziwika, apa pokha musachepetse ndalama. Mukaitanitsa kunja kumbukiraninso kuti pali msonkho wa kasitomu, muuwerengere mu bajeti.

Katundu wafika. Sambani m'manja, pezani tebulo la thabwa, osati pa bedi kapena pa kapeti, gwirani chitsulo kaye kuti muchotse magetsi a m'thupi aja amathetheka nyengo youma. Masikuluu muziika mu kambale.

Zoyamba zonse muchitire panja pa kesi, bodi itagona pa katoni yake. Tsegulani kachitsulo ka soketi, yang'anani katirayango kali pa ngodya ya CPU kagwirizane ndi kali pa soketi, muikhazike mofatsa osakanikiza. Pa AM4 timapini tili pa CPU, pa AM5 ndi pa Intel tili mu soketi, kulikonse kumene tili musatikhudze, tikapindika ndi maliro. Tsekani. RAM muyang'ane kampata kake, kanikizani mpaka imveke kuti thwa. M.2 imalowa mopendama, kenako mumaigoneka nkumanga kasikuluu kake kapena kaloko, ndipo ngati pali chitsulo chovundikira chotsani kapulasitiki kali pa kalabala ka pansi pake. Mangiranitu bulaketi ya AIO, ina imafuna mbale ya kumbuyo kwa bodi, ndipo mukaiwala muzamasula zonse.

Musanalowetse bodi mu kesi lumikizanitu kebulo ya 8-pin ya CPU imene imakhala pa ngodya ya pamwamba, chifukwa bodi ikalowa pamenepo chala sichifikanso. Ngati bodi yanu ili ndi kachitsulo ka kumbuyo kapadera ka mapoti, kayambe ndiko kulowa. Bodi imamangidwa ndi masikuluu anayi okha. Kenako power supply, fani yake iyang'ane kumene kuli mabowo a mphepo, osati kukhoma lotseka. Lumikizani ya 24-pin, ya USB ya kutsogolo, ya mahedifoni, ndi timawaya tating'ono ta batani loyatsira, apa tsegulani kabuku ka bodi muone chithunzi, palibe manyazi.

Tsopano pa madzi penipeni, ndipo apa werengani kawiri. Pansi pa pampu pali mbale ya kopa, nthawi zambiri imabwera ndi kapulasitiki kapena chivundikiro. Chotsani. Anthu ambiri amaiwala, kompyuta nkumazima yokha pakangopita mphindi zochepa iwo nkumati CPU ndi yakufa. Ngati mbaleyo ili kale ndi pesiti yotuwa, yothandiza kutentha kuchoka pa CPU kupita pa mbaleyo, musawonjezere ina. Ngati ilibe, dontho limodzi kukula ngati njere ya nandolo pakati pa CPU lakwana. Khazikani pampu, mangani masikuluu modumphitsa, iyi pang'ono, ya ngodya ya kutsidya pang'ono, kuzungulira choncho mpaka zonse zitagwira, kuti pesiti ifalikire mofanana. Osamanga ngati mukumanga tayala la ngolo, ikangolimba siyani.

Mu AIO iliyonse muli kampweya pang'ono, ndipo mpweya umakwera kumene kuli pamwamba kwambiri. Ndiye lamulo ndi ili, pampu isakhale pamwamba kuposa redieta yonse. Ikakhala pamwamba mpweya uja umakakhala mu pampu, mumayamba kumva kulira kwa kuti kulukulu, pampu ikupukusa mphepo m'malo mwa madzi, ndipo imatha msanga. Redieta ikakhala padenga la kesi ndiye bwino kwambiri. Ikakhala pambali onetsetsani kuti mbali ina yake yakwera kupitirira pampu. Kuiika pansi pa kesi ndiko ndimakaniza anthu. Mapaipi apinde mofatsa, asathyoke ngati hosi ya kudimba, ndipo asakhudze mapiko a fani.

Za kumene mafani aziuzira, anthu amakangana. Akamakoka mphepo ya panja kudutsa mu redieta CPU imazizira bwino koma kadi imalandira mphepo yofunda, akamatulutsa kunja zimatembenuka. Kwa ife a magemu kadi ndi imene imagwira ntchito yaikulu, ndiye ine ndimakonda redieta itulutse, kadi ikoke mphepo yake yatsopano kuchokera pansi kapena pambali. Kuti mudziwe kolowera, mphepo imatulukira ku mbali imene kuli timiyendo togwira mota ya fani. Waya wa pampu upite pa AIO_PUMP ngati bodi ili napo, mafani a redieta pa CPU_FAN.

Kadi imalowa pomaliza. Makesi ena imalowa mwachindunji mu bodi, ena monga A4-H2O imadzera pa riser, kebulo yaphanthiphanthi ija. Mangani, lumikizani pulagi yake mpaka ilowe yonse, mangani makebulo ndi tizingwe kuti achoke pa njira ya mafani. Musatseke kesi. Kebulo ya monita ilowe ku kadi, osati ku bodi.

Yatsani. Pa AM5 kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili bii, bodi ikuphunzira RAM, musazimitse ndi mantha. Dinani Delete mulowe mu BIOS, masetingi a bodi amene amabwera Windows isanayambe, chinthu choyamba kuyang'ana ndi kutentha kwa CPU ndi liwiro la pampu. Pampu ikaonetsa ziro kapena kutentha kukukwera osaima, zimitsani pomwepo muone waya ndi kapulasitiki kaja. Zikakhala bwino ikani pampu iziyenda liwiro lokhazikika, yatsani EXPO kapena XMP kuti RAM ithamange pa liwiro limene munalipira. Windows 11 mumaika ndi fulashi ya 8GB, mukatha madiraiva a kadi, apa bandulo ikhale yokwanira chifukwa mafayilo ake ndi olemera. Kenako tsitsani HWiNFO yoonetsa kutentha ndi Cinebench yopatsa CPU ntchito yolemetsa, muyese kesi ili yotseka, masana kukutentha, osati usiku wa mu Juni. Ma Ryzen 7000 anapangidwa kuti atha kufika 95 digiri pa ntchito yolemetsa, ndiye musadzidzimuke ndi Cinebench, koma pa gemu wamba ikamakhala pamenepo nthawi zonse ndiye kuti pampu sinakhale bwino, masulani mupake pesiti ina.

Nkhani ya malaiti sindingaisiye. Tonse tikukumbuka 2024 pomwe madzi anatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti akumapita maola ambirimbiri. Kupita kwake kumakudulirani gemu ndipo kutha kuwononga mafayilo, koma kubwera kwake ndiko kumaotcha zinthu. Onjezani ziphaliwali za nyengo ya mvula. Ndiye mu bajeti muikemo UPS, bokosi la batire losunga kompyuta yoyaka kanthawi malaiti akapita, kuyambira pachiyambi, ndipo ngati mungathe ikhale ya pure sine wave chifukwa ma power supply amakono ena sagwirizana ndi zotchipa zija, amazima pomwe UPS ikulandira. Ntchito yake si yoti muzisewera mumdima, ndi yoti musevu nkuzimitsa bwinobwino. Mvula ya mabingu ikayamba zulani pulagi kukhoma. Pa jenereta yaing'ono yopanda choyezera magetsi ine sindilumikiza kompyuta yanga.

Chotsala ndi fumbi. Redieta ili ndi timapepala ta chitsulo tothinana, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa timatsekeka msanga. Kompyuta ikhale pa tebulo osati pansi, isagunde khoma, ndipo mukachoka muivundikire ndi chitenje itazima. Mwezi uliwonse nyengo imeneyi tulutsani panja, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, uzirani ndi bulowa kapena pukutani ndi kabulashi kofewa ka penti. Mukanyamula kupita nayo kwa anzanu pa njinga ya kabaza, igoneni m'chikwama ndi zovala mbali zonse, ndipo mukafika muiimike kaye kanthawi mpweya ubwerere ku redieta musanayatse. AIO imakhala zaka zingapo, koma madzi ake amachepa pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi, ndiye mukadzaona kuti mwapukuta fumbi, mwasintha pesiti, koma kutentha kukungokwerabe ndipo paipi imodzi ikutentha inzake ili zii, dziwani kuti madzi sakuyendanso, yakwana nthawi yogula ina.