Momwe mungabzalire mgwalangwa wa zipatso wopirira chisanu

Migwalangwa yambiri imafota ikangowombedwa ndi chisanu, koma mtundu wa Butia odorata, womwe kwawo ndi kum'mwera kwa Brazil ndi ku Uruguay, ukakhwima umapirira kuzizira kofika madigiri 10 pansi pa ziro. Zipatso zake ndi zachikasu, zotsekemera mowawasirako, ndipo amapangira jamu. Mtengo umodzi ndi wokwanira, chifukwa maluwa aamuna ndi aakazi amatuluka pa tsango limodzi.

Choyamba, sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse, omwe madzi sadikha. Apa m'pofunika kusamala kwambiri, pakuti chimene chimapha mtengowu kawirikawiri si kuzizira kokha, koma kuzizira kokumana ndi chinyezi. Kumbani dzenje, mulidzaze madzi, ndipo mukawapeza akadalimo m'mawa mwake, sinthani malo kapena unjikani dothi losakaniza ndi mchenga kuti mubzale pachitumbira.

Ndi bwino kupeza mbande yophuka kale, chifukwa njere yake ndi yolimba ndipo imatha miyezi ingapo isanamere. Bzalani nyengo yotentha ikamayamba kuti mizu igwire chisanu chisanabwere. Dzenje likhale lotambalala kuwirikiza kawiri chidebe cha mbandeyo, koma kuya kwake kufanane ndi chidebecho, popeza tsinde lokwiriridwa limawola. Thirirani pafupipafupi m'miyezi yoyambirira, kenako muzidikira kuti dothi lapamwamba liume. Feteleza akhale wa potaziyamu ndi magineziyamu, ndipo muzithira nyengo yotentha yokha.

Mgwalangwa umakulira pamalo amodzi, pansonga pomwe pamatulukira tsamba lanthete, ndipo pamenepo pakawola mtengo wonse watha. Choncho pa zaka zoyambirira, usiku wozizira kwambiri ukamayembekezeka, mangani masamba pamodzi ndi chingwe, mufunditse nsalu yolola mpweya, ndipo muivundukule kunja kukafunda. Pulasitiki musamugwiritse ntchito, chifukwa amasunga chinyezi. Mukakoka tsamba lapakatilo n'kuzuka mosavuta, tsinde lake lili lofewa ndi lonunkha, pukutani m'bowo lomwe latsala pansongapo, muthiremo mankhwala opha nkhungu okhala ndi kopa, ndipo muteteze kuti mvula isalowemo.

Dulani masamba ouma okha, mutavala magolovesi chifukwa m'mapesi mwake muli minga. Mtengowu umakula mochedwa, moti zipatso mudzazidikira zaka zingapo, koma ukayamba kubala umazigwetsa zambiri, n'chifukwa chake suyenera kuyandikira njira kapena khonde. Tolani zipatsozo tsiku ndi tsiku zikayamba kuyoyoka zokha, pakuti sizichedwa kusasa.