Filiji yakale yasiya kuzizira? Musathamangire zothira gasi

Filiji ikangoyamba kufooka, nyama mu freezer ikufewa, mkaka ukusasa tsiku lisanathe, aliyense pakhomo amangoti "yatha gasi". Mukaitana mmisiri wapaphuma naye anena zomwezo asanaigwire n'komwe, kenako akutchajani. Koma gasi wa mufiliji sachepa chifukwa choti mwaigwiritsa ntchito zaka zambiri ayi, amangozungulira mmapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo ndi kutunga madzi ndi dengu basi. Nde musanatulutse ndalama onani kaye izi, zambiri mutha kupanga nokha.

Yambani ndi khutu. Kumbuyo pansi kuli chinthu chakuda chozungulira chija, ndiye compressor, imene imapopa gasi kuti azizungulira mmapaipi. Ikakhala bwinobwino imalira chapansipansi, kupuma, kenako kuyambiranso. Ngati ili zii komanso babu ya mkati sikuyaka, vuto lili ku magetsi, yesani soketi ina, onani fyuzi ya 13 amp ili mu pulagi muja, ndipo chonde chotsani filiji pa ma extension otchipa aja. Babu ikuyaka koma compressor ili chete? Onani kabatani kosinthira kuzizira, ana amakonda kukapotokola mpaka pa 0. Kakakhala pa 3 kapena 4 koma palibe chikuchitika, thermostat, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa compressor malinga ndi kuzizira kwa mkati, ikhoza kukhala kuti yafa.

Tsono pali kaphokoso kena kamene kamapusitsa anthu ambiri. Compressor imang'ung'udza masekondi ochepa, kenako mumva "tiki" n'kukhala chete, pakapita mphindi zingapo ibwerezanso. Apa ambiri amauzidwa kuti compressor yapsa, pomwe nthawi zambiri ndi relay chabe, kachipangizo kakang'ono komangika pambali pa compressor kamene kamaithandiza kudzuka. Zulani pulagi kaye, osangozimitsa pa switch, zulani ndithu. Chotsani kachivundikiro ka pulasitiki, solani relay ija muigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamalira zidutswa mkati kapena ikununkha kupsa, yatha ntchito. Ijambuleni pa foni musanachotse mawaya kuti musadzasokoneze pobwezera, ndipo pitani nayo ku shopu ya zamafiliji akupatseni yofanana nayo. Mtengo wake ndi wochepa kutalitali poyerekeza ndi compressor.

Magetsi ofooka amapangitsanso "tiki" yomweyo. Athu kuno amayenera kukhala 230 volts, koma madzulo ena mumaona nokha mababu akuwala mwaulesi, nthawi imeneyo compressor imalephera kudzuka n'kumangotentha. Magetsi akathima n'kubweranso pompopompo ndi zoopsanso, chifukwa gasi amakhala asanakhazikike mmapaipi ndiye compressor imayamba ndi katundu wolemera. Dikirani mphindi 5 musanayatse, kapena gulani fridge guard, kachipangizo koteteza filiji komangika pa soketi, izidikira yokha.

Nanga ikamalira usana ndi usiku osapuma koma kuzizira kwake kuli kwa dzina lokha? Apa ndi pomwe pali nkhani, ndipo woyamba kumukayikira ndi labala wa pachitseko. Tsekerani pepala pachitseko mulikoke. Likamatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo mpweya wotentha ukulowa, yesani mbali zonse makamaka mmakona a pansi momwe mumadontha supu ndi shuga wa sobo. Usiku mutha kuyika tochi yoyaka mkati, kutseka, kuzimitsa magetsi a mnyumba n'kuona pomwe kuwala kukutulukira. Labala wakuda mutsukeni ndi madzi ofunda a sopo, wopindika mufewetseni ndi nsalu yonyowetsa mmadzi otentha kenako mutseke chitseko azizire ali mmalo mwake. Wong'ambika kapena wouma gwa, ameneyo ngosintha basi. Kwezaninso pang'ono miyendo ya kutsogolo kuti chitseko chizibwerera chokha.

Kenako ikokeni muone kumbuyo. Mapaipi akuda aja ntchito yake ndi kutaya kutentha, koma mupeza fumbi, akangaude, mphemvu, mwina ndi supuni yomwe inasowa chaka chatha. Sesani ndi bulashi youma pulagi ili yozula, ndipo siyani mpata wa masentimita ngati 10 pakati pa filiji ndi khoma. Mafiliji ena alibe mapaipi oonekera, anawabisa mmbali, nde mbali zikamafunda musadabwe komanso musaipanikize pakati pa kabati ndi khoma. Filiji yokalamba yoyandikana ndi cooker, mnyumba ya malata opanda siling'i mwezi wa Okutobala, mukuizunza.

Vuto lina lotchuka ndi loti freezer ikuundanitsa bwinobwino koma pansi pali pofunda. Mu mafiliji ambiri a frost free, aja osungunula okha ayisi, kuzizira konse kumapangidwa kumtunda mu freezer, fani ndi imene imakankhira mphepo pansi kudzera mtimabowo. Tsegulani freezer, dinani kabatani ka pachitseko ndi chala mumve ngati fani ikuzungulira. Ikakhala chete kapena ikukhula chinachake, mwina ayisi waunjikana kuseri kwa chivundikiro cha mkati mwa freezer. Tulutsani zonse, zulani pulagi, siyani zitseko zotsegula maola 24 athunthu, thaulo pansi. Ikayambiranso bwino kenako patapita sabata imodzi kapena ziwiri vuto n'kubwerera, dziwani kuti chosungunula ayisi chafa, kaya heater, timer kapena sensa yake, ndipo muuzeni mmisiri zimenezo kuti asayambe za gasi.

Zakale zija zomera ayisi poyera, zisungunuleni ayisi akangopitirira theka la sentimita. Ikani beseni la madzi otentha mkati mudikire. Mpeni ayi. Sikuludilaiva ayi. Gasi amadutsa mkati mwa chitsulo chopyapyala chomwecho, kungolasa kamodzi mumva "psiii" ndipo pamenepo ndiye wathadi gasi uja.

Kwa amayi a bizinesi ya ma freezes ndi thobwa, nthawi zina filiji ilibe mlandu. Kulongedza mapaketi ofunda mazana nthawi imodzi mpaka kutseka timabowo ta mphepo, ngakhale yatsopano ingagonje. Zizizire kaye panja, muziika pang'onopang'ono. Ngati mungapeze thermometer, pansi pazikhala madigiri 3 mpaka 5, mu freezer -18.

Zonsezi mwayesa, compressor ikulirabe osapuma, mapaipi a kumbuyo sakufunda n'komwe, ayisi akungogwira kakona kamodzi mu freezer, mwinanso pa joini ina pali tinthu ta mafutamafuta, apo ndiye itanani mmisiri, nkhani ya gasi yafika. Koma akuonetseni pobooka, awotcherere, asinthe filter drier, kasefa kochotsa chinyezi ndi zinyalala mu gasi, apope mpweya wonse ndi vacuum pump asanathire. Mtundu wa gasi ndi magalamu ake zalembedwa pa sitika mkati mwa filiji kapena pa compressor, kawirikawiri R134a kapena R600a, ndipo awiriwa sasakanizidwa. R600a amayaka moto, nde si za kuyesera nokha pakhonde. Zakalekale za R12 gasi wake analetsedwa chifukwa choononga ozone.

Akakuuzani kuti kubooka kuli mkati mwa khoma la filiji momwe sangafikemo, kapena compressor yafadi pa filiji ya zaka 15, ine ndingati funsani kaye mtengo wa ina musanavomere, poti yakaleyo imadyanso mayunitsi ambiri. Ndipo ngati munainyamula chogoneka pa lole kupita nayo kokonzetsa, ikafika kunyumba iimikeni maola osachepera 4 musanailumikize, mafuta abwerere mu compressor.