Malangizo kwa oyendetsa ndi amakanika a ku Zambia obweretsa motoka ya rally ku Thyolo ndi ku Mulanje

Malangizo awa alembedwera oyendetsa, owerenga njira ndi amakanika a ku Zambia amene akufuna kudzathamangitsa motoka m'misewu ya dothi yodutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Muwawerenge musananyamuke ku Lusaka kapena ku Chipata, pakuti cholakwika pa motoka chimakonzeka bwino m'galaja yanu kusiyana ndi pamene mwawoloka kale malire a Mwami ndi Mchinji. Zambia, dziko la Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa rally mu Africa maulendo 8, silifunika kuphunzitsidwa liwiro, koma oyesa mamotoka amatsata malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya mamotoka padziko lonse, makamaka gawo la Appendix J lonena za mmene motoka iyenera kukhalira, ndipo motoka yolephera mayeso siiloledwa kunyamuka ngakhale mwini wake atachokera kutali chotani.

Yambani ndi roll cage, khola la mapaipi achitsulo limene limazinga oyendetsa ndi mnzake. Ngati khola lanu linachita kupangidwa m'galaja, paipi yaikulu yodutsa pamwamba pa mitu, kumbuyo kwa mipando, isachepere mamilimita 45 kukula kwake ndi mamilimita 2.5 kuchindikala kwake, kapena ikhale ya 50 ndi 2.0, ndipo ikhale yachitsulo chopanda msoko. Mapaipi a madzi a m'nyumba saloledwa, ngakhale atapakidwa penti wokongola. Polumikiza paliponse awotcherere kuzungulira paipi yonse, osasiya mbali yoyang'ana kudenga kumene dzanja la wowotcherera limavutika kufika, chifukwa woyesa amalowetsa tochi ndi kagalasi pamalo omwewo. Pamene chipewa cha woyendetsa chingagunde chitsulo, pakulungidwe ndi zotetezera zovomerezeka, osati siponji ya matiresi. Tikulimbikira pa khola limeneli chifukwa cha mmene kuno kulili: misewu yambiri ya m'minda ndi yopapatiza, ili ndi ngalande m'mbali ndipo imakhota m'mphepete mwa zigwa, ndipo chiperoni chikagwa m'miyezi yozizira, dothi lofiira limaterera kwinaku nkhungu itabisa kona yotsatira. Motoka ikagubuduka pamalo otere, denga lokha silingapirire.

Ambiri amadandaula kuti malamulo amalanda motoka mphamvu, ndipo n'zoona, koma anabwera ndi chifukwa. M'zaka za m'ma 1980, gulu la mamotoka a rally lotchedwa Group B linkangofuna kuti kampani ipange mamotoka 200 a mtundu umodzi, motero kunatuluka mamotoka opepuka kwambiri okhala ndi mphamvu zoopsa. Pa 2 May 1986, pa chilumba cha Corsica, Lancia Delta S4 ya Henri Toivonen ndi Sergio Cresto inagwera kuphompho n'kuyaka moto, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Gululo linathetsedwa kumapeto kwa chaka chomwecho. M'malo mwake munalowa Group A, imene inkafuna mamotoka 5,000 ogulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo pambuyo pake 2,500. Ichi n'chifukwa chake Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution zimene mumazidziwa bwino zili ndi zibowo za mpweya pa boneti ndi phiko lalikulu kumbuyo ngakhale zoyenda mumsewu wamba: chimene kampani inkachifuna pa mpikisano chinayenera kupezekanso pa motoka ya m'sitolo. Choncho musadule, kukulitsa kapena kusintha phiko, bampa ndi madigadi a matayala mosiyana ndi zimene zalembedwa m'chikalata chovomereza mtundu wa motoka yanu, ndipo chikalatacho mubwere nacho.

Motoka ya turbo ikhale ndi mphete yochepetsa mpweya wolowa, ya mamilimita 33 pa mamotoka a gulu la Group N ndi 32 pa a gulu la Rally2, yomangidwa mwa njira yoti woyesa athe kuikapo waya wa chidindo. Motoka ya Rally2 isapepuke kuposa makilogalamu 1,230.

Malamba a pampando ali ndi chaka chothera ntchito chimene chimasokeredwa pa lamba lenilenilo, ndipo mpando nawonso uli ndi chizindikiro chake m'mbali. Lamba wooneka watsopano koma wopitirira chaka chake amakanidwa, ndipo amene anagwirapo pa ngozi yaikulu atayidwe. M'motoka mukhale timipeni tiwiri todulira malamba, pamalo oti aliyense angafikire ali chomangidwa pampando. Kuwonjezera pa chipewa ndi ovolosi yosagwira moto, aliyense avale chogwira khosi chotchedwa HANS kapena china chovomerezeka cha mtundu womwewo. Malamba amagwira thupi motoka ikaima mwadzidzidzi, koma mutu wolemedwa ndi chipewa umapitirira kutsogolo, ndipo fupa la pansi pa chigaza limathyoka. Umu ndi mmene anafera Dale Earnhardt, woyendetsa motoka za mpikisano wa ku America, ku Daytona mu 2001. Chidachi chinakakamizidwa mu mpikisano wa mamotoka wa Formula One kuyambira 2003. Ena amati chimawapanikiza mapewa, monganso ambiri ananyoza halo, chitsulo chozinga mutu chimene chinaikidwa pa mamotoka a Formula One mu 2018, kuti chaipitsa maonekedwe, mpaka pamene Romain Grosjean anatuluka wamoyo m'moto ku Bahrain mu 2020 motoka yake itaboola mpanda wachitsulo.

Kunja kwa motoka kukhale chozimitsira magetsi onse, cholozedwa ndi chizindikiro cha mphezi yofiira m'kati mwa chithunzi chabuluu cha makona atatu chokhala ndi m'mphepete moyera, kuti wothandiza wosaidziwa motoka yanu achipeze mwamsanga. Zokokera za kutsogolo ndi kumbuyo zipakidwe penti wachikasu, wofiira kapena wa olenji, ndipo chozimitsira moto chikhale chodzaza ndi chomangidwa ndi malamba achitsulo. Mukaima m'njira chifukwa cha vuto, wowerenga njira aike chikwangwani chofiira cha makona atatu pamtunda wosachepera mamita 50 kumbuyo kwa motoka, ndipo aonetse OK kwa obwera m'mbuyo ngati palibe wovulala, kapena SOS ngati pakufunika thandizo la achipatala. Anthu othyola tiyi ndi ana a m'midzi yozungulira amathamangira pamalo a ngozi ndi mtima wofuna kuthandiza, choncho muwauze aime kumtunda kwa msewu, kutali ndi kunja kwa kona, kufikira motoka yomaliza itadutsa.